WAILESI YA M'GALIMOTO INGASINTHIDWE POPANDA KUTAYA MASIPIKA

Magalimoto ambiri amene akuyenda m'miseu ya m'Cigawo ca Kum'mawa anayamba agwira nchito m'dziko la Japan asanafike kuno. Amabwera pa sitima za pamadzi kufikira pa madoko a Dar es Salaam, Durban ndi Walvis Bay, ndipo amalowa m'Zambia kudzera pa Nakonde, Chirundu ndi Katima Mulilo. Malonda amenewa anakula kuyambira m'zaka za m'ma 1990, pamene Boma linafewetsa malamulo oitanitsira katundu kunja, ndipo anathandizidwa ndi cakuti ku Japan magalimoto amayenda kumanzere kwa mseu monga momwe acitira kuno.

Koma mlimi amene wagulitsa soya, thonje kapena fodya wake nagula Corolla, Noah, Hiace kapena Canter sacedwa kuona cinthu cimodzi comudandaulitsa. Injini iri bwino, mipando iri bwino, koma wailesi ya m'galimotomo ingogwira siteshoni imodzi kapena ziwiri, ndipo pena siigwira ngakhale imodzi. Kwa munthu wa kumudzi iyi si nkhani yaing'ono, pakuti pa wailesi ndipo pamamvekera mtengo wa cimanga wolengezedwa ndi Food Reserve Agency, za kagawidwe ka feteleza, za mvula, ndiponso mauthenga a maliro. Ambiri akafika pa garaja amauzidwa kuti acotse zonse, wailesi pamodzi ndi masipika, ndipo amalipira ndalama zowirikiza pa nchito imene inafunika cinthu cimodzi cokha.

BVUTO LIRI PA MANAMBALA

Siteshoni iri yonse ya FM iri ndi malo ake pa mzere wa manambala amene amawerengedwa mu MHz. M'Zambia, monganso m'maiko ambiri a mu Africa ndi ku Ulaya, mzere umenewu umayambira pa 87.5 ndi kulekezera pa 108 MHz, ndipo bungwe la ZICTA ndilo limagawa malowo. Dziko la Japan linasankha mzere wakewake, woyambira pa 76 ndi kulekezera pa 90 MHz. Mizere iwiriyi imakumana pa kadera kakang'ono ka pakati pa 87.5 ndi 90, komwe ndi gawo limodzi cabe mwa magawo asanu ndi atatu a mzere wa kuno. Kuyambira mu 2014 Japan anafutukula mzere wake kufikira pa 95 MHz, motero magalimoto ena a zaka zaposacedwa amagwirako masiteshoni oculukirapo, komabe safika pa 108.

Ici ndico cifukwa cake woyendetsa galimoto yocokera ku Japan amamva bwino Radio Phoenix ali mu Lusaka, popeza siteshoniyo iri pa 89.5, koma pamene Breeze FM inayamba kuulutsa mau ku Chipata pa 99.6 kuciyambi kwa zaka za m'ma 2000, wailesi yotereyi sikanatha kuipeza ngakhale galimoto itaima pa khomo pa nyumba youlutsira mauyo. Wailesiyo siinafe ai. Ikugwira nchito imene inapangidwira, koma inapangidwira dziko lina.

Palinso zina zobvuta. Mawailesi ambiri okhala ndi galasi loonetsa mapu ali ndi malemba a Cijapani okhaokha, ndipo mapu ake ndi a miseu ya ku Japan. Ena mwa iwo amakana kuyaka batire likacotsedwapo, kufikira atapatsidwa kadi kapena cimbale cake ca mapu, cimene kawirikawiri cimatsala komweko ku Japan. Pa zonsezi masipika alibe mlandu. Nchito yao ndi kuturutsa mau amene apatsidwa, ndipo sasankha kuti mauwo acokera ku siteshoni iti.

CIFUKWA COSUNGIRA MASIPIKA

Masipika amene anabwera ndi galimoto anapangidwa molingana ndi mabowo a m'zitseko zake. M'magalimoto ambiri a Toyota anakhomedwa ndi marivati, kotero kuti pocotsa pamafunika kuboola, ndipo sipika yatsopano imafuna mphete ina yoikhazikira. Pobvula cikuto ca citseko timapini ta pulasitiki timathyoka, ndipo galimoto imene imayenda pa mseu wafumbi tsiku ndi tsiku imayamba kucita phokoso m'zitseko mpaka kale. Cacikulu koposa ndi cakuti masipika a m'magalimoto ambiri ndi a 4 ohm, umene uli muyeso womwewo umene mawailesi ogulitsidwa m'masitolo amafuna. Motero wailesi yatsopano ndi masipika akale zimagwirizana popanda cosintha.

Mwini galimoto angathe kudziyesera yekha masipika ake asanaturutse ngwee iri yonse. Aike cimbale kapena kaseti, kapena agwire siteshoni iri yonse imene wailesi yakaleyo ingapeze. Kenaka, pogwiritsa nchito batani logawira mau, awapititse ku citseko cimodzi cimodzi, kutsogolo ndi kumbuyo, kumanzere ndi kumanja, nachere khutu. Sipika yabwino imaturutsa mau oyera. Yong'ambika imalira ngati nyenje pamene ng'oma ikugunda, ndipo yakufa imangokhala cete. Ngati imodzi yaonongeka ndi madzi olowa pa zenera kapena ndi ukalamba, nkokwanira kusintha iyoyo ndi inzake ya mbali ina, kuti mau a mbali ziwirizo afanane. Zotsalazo zisiyidwe m'malo mwake.

NJIRA ZIWIRI

Njira yochipa ndi kakabokosi kochedwa band expander, kamene kamalumikizidwa pakati pa eriyo ndi wailesi yakale. Nchito yake ndi kutsitsa manambala a masiteshoni kuti alowe m'mzere wa ku Japan. Kotsitsa ndi 10 kamacititsa siteshoni ya pa 99.6 kuoneka pa 89.6, ndipo kotsitsa ndi 14 kamaionetsa pa 85.6. Koma mzere wa ku Japan ndi wopapatiza, wa 14 MHz, pamene wa kuno uli wa 20.5 MHz, tsono masiteshoni onse sangakwanemo bwino. Ena amagwera pamodzi namalankhulira kumodzi, ena amasowa, ndipo mau ocokera kutali amafooka. M'tauni, pafupi ndi milongoti youlutsira mau, kakabokosika kamathandiza ndithu. Kumidzi ya kutali ndi boma kawirikawiri kamakhumudwitsa.

Njira yaciwiri, imene iri yokhalitsa, ndi kucotsa wailesi yokhayo ndi kuikapo ina yogwira 87.5 kufikira 108 MHz. Mawailesi a masiku ano alinso ndi polowetsa fulashi ndi Bluetooth, imene imalola woyendetsa kuyankha foni manja onse ali pa ciongolero.

ZOYENERA KUONA POGULA

Coyamba ndi kukula kwa malo. Bowo la wailesi liri ndi muyeso wodziwika padziko lonse wochedwa DIN, umene unacokera ku Germany ndipo unabvomerezedwa ndi maiko ena mu 1984. Wailesi ya DIN imodzi ndi ya mamilimita 180 m'lifupi ndi 50 msinkhu, ndipo ya DIN ziwiri ndi ya 180 ndi 100. Magalimoto ambiri a Toyota ali ndi bowo la mamilimita 200 m'lifupi, motero wailesi ya 180 imasiya mipata m'mbali, imene imatsekedwa ndi timapulasitiki tiwiri togulitsidwa pa nchito yomweyo. Zitsulo ziwiri zimene zinagwira wailesi yakale m'mbali zisatayidwe, pakuti ndizo zidzagwira yatsopano. Wailesi yongokankhidwira m'bowo popanda zitsulozi siikhalitsa pa mseu wa mabampu.

Caciwiri ndi mphamvu ya magetsi. Magalimoto ang'onoang'ono ndi maminibasi a Hiace amayendera mavolti 12, ndipo pafupifupi mawailesi onse a m'masitolo ndi a mavolti 12. Koma malole ambiri onyamula mbeu, monga Canter ndi Isuzu Elf, pamodzi ndi mabasi a Rosa, ali ndi mabatire awiri opereka mavolti 24. Wailesi ya 12 ikalumikizidwa ku 24 imapsa nthawi yomweyo. Ena amazemba bvutoli mwa kukoka waya ku batire limodzi lokha, koma kutero kumacititsa mabatire awiriwo kusadzaza mofanana, ndipo amafa msanga. Coyenera ndi kugula wailesi ya mavolti 24, kapena kuika kabokosi kotsitsa mavolti 24 kukhala 12.

Cacitatu ndi dziko limene wailesiyo inakonzedwera. Mawailesi okonzedwera America amalumpha manambala, nagwira okhawo othera pa 1, 3, 5, 7 ndi 9, monga 99.5 ndi 99.7, kotero kuti siteshoni ya pa 99.6 saipeza bwino. Ambiri ali ndi posankhira dera, ndipo woika wailesi asankhe Europe. Wogula apemphe kuti wailesiyo iyatsidwe m'sitolo momwemo, aone ndi maso ake kuti ikufika pa 108 ndipo ikuyenda nambala iri yonse.

Cacinai ndi mawati olembedwa pa bokosi. Mabokosi ambiri amalembedwa 50W x 4, ndipo eni magalimoto ena amaopa kuti mphamvu yotere idzang'amba masipika akale. Nambala imeneyo ndi ya mphamvu ya kamphindi cabe. Mphamvu yeniyeni imene wailesi ya mavolti 12 imapereka mosalekeza iri pakati pa mawati 15 ndi 22 pa sipika iri yonse, ndipo masipika abwino a m'galimoto amaipirira. Cimene cimaononga sipika ndi kukweza mau kufikira atayamba kusasa, ndi kuwasiya motero ulendo wonse. Mawailesi ena opanda dzina lodziwika amalembedwa manambala akulu koposa ndi kuwala mitundumitundu, koma akulu anati cikomekome ca mkuyu mkati muli nyerere. Wa kumudzi afunse za mphamvu yogwira masiteshoni akutali, osati za kuwala kwa mabatani.

MAWAYA ASADULIDWE

Apa ndipo pamaonongekera magalimoto ambiri. Kumbuyo kwa wailesi yakale kuli mapulagi a galimoto. Mwa Toyota ambiri ali awiri, lina la mabowo 10 ndi lina la mabowo 6. Makanika wofulumira amadula mapulagiwa ndi kupota mawaya pamodzi ndi zala, nakulunga ndi tepi. Tepiyo imamatuka ndi kutentha kwa mwezi wa Okutobala, mawaya amakhudzana, fyuzi imapsa, ndipo nthawi zina moto umabuka kuseri kwa dashibodi. M'masitolo a zipangizo za magalimoto mumapezeka cingwe columikizira, cimene mbali imodzi cimalowa m'mapulagi a galimoto ndipo mbali ina cimalumikizidwa ku mawaya a wailesi yatsopano. Mtengo wake ndi wocepa poyerekeza ndi wa wailesi, ndipo cimasiya mawaya a galimoto ali amphumphu. Polumikiza mawaya a cingweci ndi a wailesi, aocherere ndi mtobvu kapena apane ndi timapaipi tacitsulo topangidwira nchitoyo.

Nchito isanayambe, waya wa batire wa ku cizindikiro ca (–) ucotsedwe.

Mawaya a wailesi yatsopano ndi a cingwe columikizira amatsata mitundu yodziwika. Wacikasu umalandira magetsi nthawi zonse, ndipo ndiwo umasunga masiteshoni ndi nthawi. Wofiira umalandira magetsi pokhapo kiyi itatembenuzidwa. Wakuda umapita ku citsulo ca galimoto. Wacikasu ndi wofiira akasinthanitsidwa, wailesi imaiwala masiteshoni onse injini ikazimitsidwa. Onse awiri akalumikizidwa ku magetsi osazima, wailesi imadya batire galimoto iri ciimire, ndipo mwini wake amadzuka m'mamawa ndi kuyamba kufunafuna anyamata okankha.

Waya wabuluu umaiwalika kawirikawiri, cikhalireco ndi wofunika kwambiri kwa okhala kutali ndi tauni. Magalimoto ambiri a ku Japan alibe eriyo yacitsulo yoonekera kunja. Eriyo yao ndi timizere tomatidwa pa galasi lakumbuyo kapena la m'mbali, ndipo iri ndi kacipangizo kokuza mphamvu kamene kamafuna magetsi. Magetsiwo amadzera pa waya wabuluu. Ukasiyidwa lende, wailesi yatsopano imagwira masiteshoni apafupi okha, ndipo mwini wake amaganiza kuti wagula yacabe.

Ndi bwino kudziwa kuti mitundu imeneyi ndi ya mawaya a wailesi, osati a galimoto. Opanga magalimoto ali ndi mitundu yaoyao, motero waya wofiira wa galimoto ungathe kukhala wa sipika. Kulumikiza wofiira ku wofiira popanda kuyeza ndi mita ndi kuitana tsoka. Ndiponso kuseri kwa dashibodi kumadutsa mawaya okutidwa ndi cikuto cacikasu, okhala ndi mapulagi acikasu. Amenewo ndi a matumba a mpweya ochinjiriza anthu pa ngozi. Asakhudzidwe, asayezedwe, ndipo asayesedwe ngati waya wacikasu wa wailesi.

SIPIKA IRI YONSE NDI MAWAYA AKE AWIRI

Mawaya a masipika ali asanu ndi atatu, awiri pa sipika iri yonse. Oyera ndi a kutsogolo kumanzere, otuwa a kutsogolo kumanja, obiriwira a kumbuyo kumanzere, ndipo apepo a kumbuyo kumanja. Pa awiri ali onse, wokhala ndi mzere wakuda ndiwo wa (–). Mawailesi a masiku ano amatumiza mphamvu pa mawaya onse awiri, motero wa mzere wakudawo usalumikizidwe ku citsulo ca galimoto kapena kuphatikizidwa ndi wa sipika ina, monga momwe amakanika ankacitira ndi mawailesi akale. Kutero kumaocha cipangizo cokuza mau mkati mwa wailesi.

Ngati mapulagi anadulidwa kale ndi mwini woyamba, pali njira yapafupi yopezera mawaya a sipika iri yonse. Woika wailesi ayambe wapatula mawaya a magetsi ndi mita, kenaka atenge batire limodzi la toci la mavolti 1.5 ndi kugunditsa mawaya awiri kwa kamphindi. Sipika ya mawayawo imamveka kuti thi. Ngati pepala lake likankhikira kunja, waya umene uli ku mutu wa batire ndiwo wa (+). Timasipika tating'ono ta mau okwera, tokhala pamwamba pa dashibodi kapena pa ngodya ya zenera, tisayesedwe motere patokha. Sipika imodzi ikalumikizidwa mozondoka siipsa, koma pepala lake limabwerera m'mbuyo pamene la inzake likupita kutsogolo, ndipo kugunda kwa ng'oma kumasowa. Anthu ambiri amene amataya masipika abwino ponena kuti alibe mphamvu amakhala atakumana ndi colakwa cimeneci.

Oyendetsa maminibasi amakonda kuonjezera masipika kumbuyo mwa kupacika awiri pa mawaya amodzi. Masipika awiri a 4 ohm olumikizidwa motero amasanduka 2 ohm, nakoka magetsi owirikiza. Wailesi imatentha, imadzizimitsa yokha, ndipo potsiriza imafa. Wofuna masipika oposa anai agule ampulifaya yapadera.

MAGALIMOTO OFUNA KATSWIRI

Si galimoto iri yonse imene nchitoyi iri yapafupi. Ena ali ndi ampulifaya ya ku fakitale yobisika pansi pa mpando kapena m'buti, ndipo kawirikawiri amadziwika ndi dzina la JBL kapena Bose pa zitseko. Mwa iwo mawaya a kumbuyo kwa wailesi sapita ku masipika mwacindunji, ndipo masipikawo angathe kukhala a 2 ohm kapena kucepera. Wailesi yatsopano ikangolumikizidwa, mau samveka konse kapena amaturuka osasa. Pamafunika cingwe capadera codzutsa ampulifayayo, kapena kuilambalala ndi mawaya atsopano pambuyo poyeza masipika ndi mita. Mitundu ina ya Toyota Crown ndi Harrier iri ndi galasi limodzi loyendetsera wailesi pamodzi ndi mphepo yoziziritsa, kotero kuti kucotsa galasilo ndi kutaya zonse ziwiri. Mabatani a pa ciongolero ndi kamera yoonetsa kumbuyo nazonso zimafuna zolumikizira zake. Mwini galimoto yotere afunse kaye amene anagwirapo kale mtundu umenewo, pakuti safunsa anadya phula.

ASANATSEKE DASHIBODI

Mwini galimoto ali ndi ufulu woima pafupi pamene nchito ikugwiridwa, ndi kuona kuti zonse zayesedwa zomangira zisanabwezedwe. Mau apititsidwe ku citseko ciri conse monga poyamba paja. Masiteshoni awiri kapena atatu asungidwe, injini izimitsidwe, kiyi icotsedwe, ndipo ikayatsidwanso aone ngati akalipo. Nyali, mahazadi ndi koloko ziyesedwe, popeza mapulagi ake amakhala pafupi ndi wailesi ndipo amaiwalika. Fyuzi ya wailesi, imene kawirikawiri iri ya 10 amp, ikapsa ilowedwe m'malo ndi ya muyeso womwewo, osati waya kapena pepala lonyezimira la m'paketi ya ndudu.

Ngakhale nchito itagwiridwa bwino cotani, mau a FM amayenda molunjika ndipo mapiri amawatsekereza. Woyenda pa mseu wa Great East adzapeza kuti m'mapiri a pakati pa mlatho wa Luangwa ndi Nyimba masiteshoni amazimirira ndi kubweranso, ndipo ici si cifukwa cobwezera wailesi ku sitolo.

Wailesi yakale isungidwe pamalo ouma pamodzi ndi lisiti ya yatsopano. Popeza mapulagi sanadulidwe, ingathe kubwezedwa m'malo mwake m'mphindi zowerengeka pa tsiku logulitsa galimoto, ndipo yatsopanoyo ingasamukire m'galimoto ina. Otsala ndi udindo wa woyendetsa. Miseu ya kumidzi imagawidwa ndi ngolo za ng'ombe, njinga zonyamula makala ndi ana a sukulu, ndipo woyendetsa ayenera kumva belu la njinga ndi hutala ya mnzake. Mau a wailesi akhale pa muyeso wakuti anthu a m'galimoto angathe kulankhulana popanda kukuwa. Pa muyeso umenewo masipika amene anabwera ndi galimoto adzatumikira zaka zambiri.